Chilembo Chosamveka m'Liwu la "Answer"

Anzanga ambiri amadandaula kuti chilembo cha w m'liwu la answer ndi msampha wongotidyera malikisi, popeza sichitchulidwa. Ine sindivomerezana nawo, pakuti chilembochi chili ndi mbiri yake.

Kale ku England, Anormani asanalande dzikolo mu 1066, liwuli linali andswaru. And ankatanthauza "motsutsa", ndipo swaru ndi mbale wake wa swear, ndiko kulumbira, m'mene w akumvekabe mpaka lero. Tsono answer anali malumbiro a munthu woimbidwa mlandu, pokana zimene akumneneza pabwalo. Sikunali kungotsegula pakamwa ayi.

Nanga m'kalasi mwathu? Aphunzitsi akafunsa kuti, "Mwamva?" onse amakuwa "Yes, sir!" ngati achule a m'dambo, pamene theka silinatolepo kanthu. Amenewo ndi malumbiro onama, ndipo mlandu wake umadzazengedwa tsiku la mayeso.

Aphunzitsi athu, chonde musakhutire ndi yankho lachigulu. Lozani mmodzi, aimirire, afotokoze yekha. Ndipo wonena poyera kuti, "Sindinamve," asapatsidwe chibalo, ngakhale kusekedwa ndi a m'mabenchi akumbuyo.