Chenjezo: Wotchi ya pamkono si dokotala wanu

Abale anga a ku Chintheche, a ku Kande, a ku Mpamba, ndi inu a kuseri kwa mapiri ku Usisya, tcherani khutu. Kwadzaza mawotchi olumikiza ku foni, aja akuti smartwatch, ndipo ambiri mwa iwo ndi abodza. Akunama dzina, akunama za batire, akunama kuti salowa madzi. Koma bodza limene landichititsa kulemba ndi lokhudza magazi anu, chifukwa limenelo likhoza kuika munthu m'manda.

Mwawaona kale. Ena akubwera m'zikwama za ana athu ochokera ku Joni, ena ndi ageni okapikula katundu ku Mzuzu ndi ku Dar es Salaam. Ena akutsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp: tumizani ndalama pa foni, katundu abwera pa minibasi. Bokosi lake lonyezimira, malamba awiri kapena atatu a banyira, ndipo wogulitsa amamaliza ndi mawu aja okoma, akuti imeneyi imayezanso BP ndi shuga.

Musamvere zimenezo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tembenuzani wotchiyo. Kumbuyo kwake muona kanyali kobiriwira kakuphethira. Mu wotchi yeniyeni, kanyaliko kamaunikira khungu. Mtima ukagunda, magazi amachuluka m'mitsempha ya pamkono ndipo amameza kuwala kochulukirapo, choncho kadiso kali pambali pake kamawerenga kusinthako ndi kudziwa kuti mtima wagunda kangati pa mphindi. Ntchito yake yeniyeni ndi imeneyo. Kanyali kameneka sikalawa shuga wa m'magazi.

Mu Febuluwale 2024, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, FDA, linachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kubaya khungu. Linanena kuti silinavomereze chipangizo chotere ngakhale chimodzi. Apple Watch yeniyeni, yodula ija, payokha siyeza shuga. Ndiye kawotchi kogulitsidwa pamodzi ndi mahedifoni ndi zikwama za foni kangathe bwanji?

Za BP nazonso mumve. Mawotchi ena a Samsung amapereka manambala a BP, koma eni ake amalamula kuti masabata anayi aliwonse muyezetse ndi lamba wopopa uja wa kuchipatala, wotchiyo itengere pamenepo. Huawei inachita kupanga wotchi yapadera yokhala ndi kathumba kopopa mpweya m'lamba mwake. Ngati makampani aakulu akuvutika chotere, manambala amene kawotchi kotchipa kakukuonetsani akuchokera kuti? Nthawi zambiri kamangowapeka, ndipo kamapeka manambala abwino kuti mukakonde.

Yesani nokha lero. Vulani wotchiyo, imangeni pa chinangwa kapena pa mwendo wa mpando, mudine poyezera BP. Ikakuuzani kuti chinangwa chili ndi BP yabwino ndi shuga wabwino, mwaidziwa. Kenaka ivaleni, muthamange kuchokera kugombe mpaka kumsewu wa M5, muike zala pa mtsempha wa pakhosi ndi kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi. Yerekezani ndi zimene wotchi ikunena. Ngati inu mukupuma wefuwefu koma iyo ikadali pa nambala yomwe ija ya m'mawa, ndi chidole.

Chikundiopsa ndi ichi. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. BP siipweteka ikamakwera. Munthu amalima, amapalasa bwato, amaseka ndi anzake, kenaka tsiku lina wangogwa, mbali imodzi yafa.

Tsono taganizani mayi wachikulire amene amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Ulendo wokatenga mankhwala ku chipatala cha Chintheche kapena ku Nkhata Bay umamudyera ndalama ya kabaza ndi tsiku lathunthu. Mwana wake, mwa chikondi chenicheni, wamutumizira wotchi kuchokera ku Johannesburg. M'mawa uliwonse wotchi ikuti zonse zili bwino. Mwezi wa mawa mayiyo apitanso kuchipatala? Mankhwala akatha, akatenganso ena? Wodwala shuga ndiye ali pa ngozi yoposa, makamaka wodzibaya insulin, pakuti nambala yabodza ikhoza kumuchititsa kuonjeza kapena kuchepetsa mankhwala, shuga n'kutsika kapena kukwera mpaka kukomoka.

Musasiye mankhwala chifukwa cha wotchi. Musadumphe tsiku lanu la kuchipatala chifukwa cha wotchi. BP imayezedwa ndi lamba wopopa, shuga amayezedwa ndi dontho la magazi a pachala. Kauzeni makolo anu zimenezi pamaso, musangowatumizira uthenga.

Bodza la dzina nalo mukhoza kuligwira musanalipire, ndipo chizindikiro choyamba ndi mtengo. Apple Watch Ultra, ija yaikulu ya kabatani ka mtundu wa lalanje pambali, inatuluka mu 2022 pa mtengo wa madola 799 a ku America. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimenezo zimaposa K1 miliyoni ngakhale pa mtengo wa kubanki, osawerengera msonkho ndi mayendedwe. Munthu akakupatsani wotchi ya maonekedwe amenewo pa ndalama yosakwana kugula foni ya Itel, si mwayi ayi. Yang'anani pa bokosi: mupeza mayina ngati T800 Ultra kapena T900 Ultra. Ndi zongotengera maonekedwe.

Chizindikiro china n'chosavuta. Apple Watch imalumikizana ndi iPhone yokha basi. Ngati wogulitsa wailumikiza ku Tecno yanu ndipo yatheka, si Apple imeneyo. Ndipo inu amene muli ndi foni ya mabatani, dziwani kuti zambiri za mawotchi amenewa sizigwira popanda foni ya intaneti. Mugula chinthu chongoonetsa nthawi, chofuna kutchaja kawirikawiri.

Sindikunena kuti chilichonse chotchipa ndi chabodza. Alipo mawotchi a mtengo wofikirika a makampani odziwika monga Xiaomi, Amazfit, Huawei ndi Oraimo. Amenewa amayenda ndi dzina lawolawo, sabisala kuseri kwa dzina la wina, ndipo mukhoza kufufuza pa intaneti zimene amachita ndi zimene sachita. Komabe nawonso akuba amawakopera, ndiye maso akhale tcheru.

Tsopano galasi lake, pamene pamaoneka nthawi ndi mauthenga. Musagule wotchi mutangoiona mumthunzi wa m'sitolo kapena usiku pa nyali. Ife timakhala pa dzuwa la kunyanja, pamchenga woyera wothobwa m'maso. Tulukani nayo panja masana, muiyang'ane mutatambasula mkono. Kuwala kwa galasi amakuyeza ndi muyeso wotchedwa nits. Apple Watch Ultra yoyamba imafika 2,000, yachiwiri ya 2023 imafika 3,000. Zokopera zija siziyandikira n'komwe, ndipo padzuwa mudzachita kuphimba ndi dzanja kuti muone nthawi.

Ambiri amalemba pa bokosi kuti AMOLED pamene muli LCD wamba. Kusiyanitsa kwake n'kophweka. Lowani nayo mumdima. Pa AMOLED, malo akuda amakhala bii, ozimiratu. Pa LCD, malo akudawo amayera mbuu chifukwa kumbuyo kuli nyali yoyaka nthawi zonse.

Palinso chinyengo cha kukula kwa galasi. Pa chithunzi cha pabokosi, galasi limafika m'mphepete monse. Koma mu wotchi ya m'bokosimo amaika zithunzi zakuda kuti musaone pamene galasi lathera. Pemphani wogulitsa aike chithunzi choyera. Mudzaona mkombero wakuda wokhuthala, makamaka chakumunsi, ndipo gawo loonetsa zinthu ndi laling'ono kuposa mmene mumaganizira. Gogodaninso ndi chikhadabo. Ngati ndi pulasitiki, mchenga wathu udzaikanda msanga.

Nanga batire? Apa ndi pamene ngakhale wotchi yeniyeni ikhoza kukukhumudwitsani, ndipo mtengo wokwera sutanthauza batire lokhalitsa. Kwa zaka zambiri kampani ya Apple inkanena yokha kuti wotchi yake wamba imatha maola 18, ndipo Ultra yoyamba maola 36. Ndiye kuti kutchaja tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi. Mawotchi a Huawei a mtundu wa GT ndi timalamba ta Xiaomi, eni ake amati timafika masabata awiri ngati simukutipanikiza. Garmin ili ndi mawotchi a galasi losawala lokha, limene limaoneka bwino dzuwa likakula ndipo silidya batire, koma ndi odula.

Dzifunseni za kwanu. Magetsi a ESCOM akathima, mutchaja chiyani poyamba, foni kapena wotchi? Ngati mumalipira kuti mutchajitse pa sola ya pa golosale, mwakonzeka kulipirira zinthu ziwiri? Pa bokosi pakalembedwa masiku 7 kapena 10, funsani ngati ndi masiku ogwiritsa ntchito kapena ongoigoneka pa tebulo. Kuimbira foni pa wotchi, kukweza kuwala kuti muone padzuwa, ndi kusiya galasi likuyaka nthawi zonse, zimamaliza batire mofulumira kwambiri.

Onaninso tchaja yake. Yambiri ndi ya maginito, yopangidwira wotchi yokhayo. Ikaduka kapena mwana akaitaya, pa Chintheche simudzaipeza msanga, ndipo wotchi yathera pomwepo. Batire nalo ndi lomatira m'kati. Likafa, wokonza mafoni kawirikawiri alibe lina loikamo.

Batire la lithium limadana ndi kutentha, ndipo inu mukudziwa mmene kumatenthera kuno mu Okutobala ndi Novembala. Musaisiye padzuwa pa thandala la usipa kapena pa galasi la galimoto. Musaitchaje pa mphasa, pansi pa pilo kapena pafupi ndi neti ya udzudzu, makamaka m'nyumba ya udzu. Mukaona galasi latukuka, kumbuyo kwafufuma, kapena ikutentha pamkono, ivuleni nthawi yomweyo. Musaiboole, musaiponye pamoto kapena m'nyanja, ndipo musapatse mwana kuti aziseweretsa.

Inu asodzi, ndi inu amayi ochapa ndi kutsuka mbale kunyanja, mawu akuti siilowa madzi muwafunse bwino. Chizindikiro cha IP67 chimatanthauza kuti chinthucho chinayesedwa m'madzi odekha akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Si chosambira nacho, si chokokera nacho chilimira mafunde akumenya. Yosambira nayo imalembedwa 5ATM. Ndipo pa wotchi yonama dzina, chizindikiro chilichonse ndi utoto chabe, palibe anaiyesa.

Choopsa china kwa opita pa nyanja usiku: wotchi yopanda simu khadi siimba foni payokha. Imadalira Bluetooth, ndipo foni iyenera kukhala pafupi, mamita ngati 10. Mukasiya foni kunyumba, wotchiyo siingaitane munthu mwera ukakupezani pakati pa nyanja. Zotchipa zambiri zolembedwa GPS zilibe GPS m'kati, zimabwereka ya foni. Musadalire kawotchi kuti kakulozereni gombe. Foni yotchaja bwino yokulunga m'pulasitiki ndi jekete yoyandamitsa ndizo zingakupulumutseni.

Samalaninso ndi ndalama zanu za pa foni. Kuti wotchi igwire ntchito, amakuuzani kuika pulogalamu yake mu foni, ndipo pulogalamuyo imapempha chilolezo chowerenga mauthenga anu, manambala a anzanu ndi malo amene muli. M'mauthengamo ndi mmene mumabwera za Airtel Money, TNM Mpamba ndi manambala achinsinsi a kubanki. Ngati pulogalamuyo siikupezeka pa Play Store, koma akuti muitenge pa linki ina, ikaneni. Musapereke foni yanu kwa wogulitsa kuti akakuikireni kuseri, ndipo PIN yanu musauze munthu. Kumbukiraninso kuti uthenga wa ndalama ukamaonekera pamkono, wokhala naye pafupi mu minibasi akuwerenga nawo.

Ngati chimene mukufuna ndi kudziwa nthawi basi, gulani wotchi wamba. Casio F-91W, imene inatuluka mu 1989, batire lake limatha zaka pafupifupi 7 osatchaja. Ngati nkhawa yanu ndi BP ya amayi kapena abambo, ndalama ya wotchiyo muonjezere mugule makina enieni a lamba wopopa ku famase, ndipo mupite nawo kuchipatala anamwino akakuonetseni kagwiritsidwe kake. Inu muli ku Joni, imeneyo ndiyo mphatso yotumiza kumudzi.

Mukaganizabe zogula smartwatch, musatumize ndalama katundu musanamuone. Iyatseni pamaso pa wogulitsa, ilumikizeni ku foni yanu, itulutseni padzuwa, iyeseni pa mpando. Funsani kuti ikafa m'sabata yoyamba mukaibweza kuti, ndipo tengani lisiti lolembedwa dzina la wotchi, tsiku ndi nambala ya wogulitsa. Akakana kuyesa kapena kulemba lisiti, bwezani ndalama yanu m'thumba muzipita.

Ngati mwapusitsidwa kale, musachite manyazi n'kukhala chete, chifukwa wogulitsayo mawa akapusitsa mnansi wanu. Sungani bokosi, lisiti ndi mauthenga onse, mukadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission kapena ku Consumers Association of Malawi, ndipo ngati anakudyerani ndalama osatumiza katundu, kaneneni kupolisi. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, mafumu, aphunzitsi ndi a makomiti a m'madoko, lengezani nkhaniyi pa misonkhano yanu sabata ino. Aliyense amene anasiya mankhwala a BP kapena a shuga chifukwa cha manambala a wotchi, mumuperekeze kuchipatala mawa m'mawa.