Zikomo kwa amayi atatu ofufuza za mphumu

Kwa Mayi Carole Ober a ku Chicago, Mayi Erika von Mutius a ku Munich ndi Mayi Donata Vercelli a ku Arizona,

Ndine namwino wa ana. Makolo akafika ndi mwana wobanika ndi mphumu, funso lawo limakhala limodzi: kodi ndi zakumtundu? Ndikukuthokozani chifukwa ntchito yanu yandipatsa chowayankha popanda kuwanamiza.

Mu 2016 inu ndi anzanu munatulutsa zimene munapeza pakati pa alimi a magulu awiri ku America, a Amish a ku Indiana ndi a Hutterite a ku South Dakota. Onsewa makolo awo anachokera ku Ulaya ndipo magazi awo ndi oyandikana. Koma mphumu inkagwira ana pafupifupi 5 pa 100 alionse kwa a Amish, pomwe kwa anzawowo inkagwira 21. Kusiyana kunali pakhomo. A Amish amalimabe ndi akavalo, khola lili pafupi ndi nyumba, ana amaloweramo. A Hutterite amalima ndi makina, ziweto zili kutali ndi ana. Fumbi la m'nyumba za a Amish linali ndi zotsalira za mabakiteriya zochuluka pafupifupi ka 7.

Chimene chimandigwira mtima ndi nkhani ya mbewa zimene munayeserapo fumbilo. Mutazidonthezera fumbi la a Amish m'mphuno, mphumu sinazigwire mwamphamvu. Koma mbewa zimene zinalibe majini awiri, MyD88 ndi Trif, fumbilo silinaziteteze. Bakiteriya ali ngati mlendo woodira pakhomo: ngati m'nyumba mulibe womva, amabwerera osalowa. Womvayo ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo amachiumba ndi majini.

Mayi von Mutius, inu ndi anzanu munaonanso kuti makanda obadwa ndi majini oika mwana pachiopsezo, pamalo otchedwa 17q21, ndi omwenso ankatetezeka kwambiri ku chifuwa cholira akamalowa m'makola. Kwa kholo limene limadziimba mlandu woti linapatsira mwana matenda, mawu amenewa ndi otonthoza kwabasi. Mawu omwewa akutichenjezanso kuti mankhwala opangidwa ndi mabakiteriya ophwanyidwa, monga OM-85, sitingayembekeze kuti agwira ntchito mofanana mwa mwana aliyense.

Makolo ndimawauzabe kuti asathamangitsire mwana wodwala kale kukhola, ndipo asasiye mankhwala opopera m'kamwa. Zimene munapeza ndi zoteteza khanda matenda asanayambe.

Mayi Ober, zikomo kuti mu 2020 munaunikanso malo omwewa a 17q21 mwa ana akuda a ku America, chifukwa kafukufuku wambiri wa majini wachitika mwa azungu. Pempho langa ndi loti musalekere pomwepo. Mankhwala a mabakiteriya aja akamayesedwa, ana a mu Africa muno akhale nawo m'gulu kuyambira pachiyambi, mogwirizana ndi madokotala athu. Mutithokozerenso mabanja a Amish ndi a Hutterite amene analola kuti ana awo atengedwe magazi.

Ine wanu,
Namwino wa ana