Kapinga wa ku Kasanda nayenso ndi mphatso ya Mulungu

Alaliki athu akafuna kutionetsa chisamaliro cha Mulungu amathamangira pa Mateyu 6, pamene Yesu analoza mbalame ndi maluwa akutchire. Uthengawo ndi woona, ndipo muno mu Kabwe umboni wake susowa. Mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni unkasunga apaulendo kalekale, ndipo mpaka lero anthu amapumula pamthunzi wake osalipira ngwee. Kumadzulo kuli dambo la Lukanga lotipatsa nsomba. Madzi a Mulungushi akhala akupukusa makina a magetsi kuyambira mu 1925. Ikafika Disembala mango amangogwa okha mpaka ana kutopa nawo.

Koma ulaliki womwewu ndikaumvera m'makomboni a Kasanda, Chowa kapena Makululu, mtima wanga sukhala m'malo. Pansi pa mitengo ya mango imeneyo pali dothi la mtovu. Mgodi wa Broken Hill unakumba mtovu ndi zinki kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka kutsekedwa kwake mu 1994, utsi wa ng'anjo zake ukutera pa makomboni oyandikana nawo. Chimulu cha zotsalira chomwe timati Black Mountain chikadalipo, ndipo anyamata osowa ntchito amachifukulabe kufuna timiyala togulitsa. Mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, fumbi limalowa mpaka m'mbale. Mwana wokwawa amagwira pansi, zala n'kuponya mkamwa. Mtovu suwawa, sununkha. Umangokhala m'magazi n'kumafooketsa ubongo, ndipo achipatala amati ngakhale wochepa bwanji, kwa mwana ndi woipa ndithu. Mayi amadzadabwa mwana akungobwereza kalasi.

Mbusa wouza mayi wotereyu kuti asade nkhawa poti Mulungu amadyetsa mpheta, n'kulekera pomwepo, wamupatsa uthenga wosakwanira. Mtovuwu Mulungu anausunga pansi pa thanthwe, kutali ndi ana. Anauvundukula ndi anthu, ndipo pochoka sanakonze. Anthu a kuno anasumira kampani ya Anglo American ku Johannesburg mu 2020 pa nkhani ya mtovuwu. Kampaniyo imakana mlandu, ndipo mu Disembala 2023 khoti silinalole kuti nkhaniyi izengedwe ngati dandaulo la gulu, odandaula n'kuchita apilo. Mwana wa zaka ziwiri sangadikire maloya.

Chondidabwitsa n'chakuti thandizo lapafupi likuchokera m'chilengedwe momwemo. Kapinga, udzu womwe timalimbana nawo m'munda, akaphimba bwalo amagwira dothi moti fumbi siliuluka. Mwana wanjala kapena wochepa magazi thupi lake limakoka mtovu wambiri, pamene wodya kapenta, nyemba, mkaka ndi ndiwo zamasamba zotsukidwa bwino amatengako wochepa. Zimenezi sizichotsa mtovu womwe unalowa kale, umenewo umafuna kuyezetsa magazi ndi mankhwala akuchipatala, koma zimatchinjiriza. Ine dzanja la Mulungu mu Kabwe ndimaliona kwambiri pa kapinga kusiyana ndi pa maluwa okongoletsa guwa.

Koma chotipinga ndi ukhondo womwe tinaleredwa nawo. Tinaphunzitsidwa kuti pakhomo pa munthu wolongosoka pamakhala posesedwa mbee, popanda kaudzu ndi kamodzi komwe. Agogo anga kwathu ku Katete akanaona kapinga pakhomo akanafunsa ngati nyumbayo ili ndi mkazi. Ku Katete mwambowu ulibe vuto. Ku Kasanda, tsache la m'mawa likadutsa pa dothi louma, osawazapo madzi kaye, limadzutsa poizoni n'kumupumitsa mwana amene ali kumsana.

Mipingo ili ndi mabwalo aakulu m'makomboni onsewa, ndipo ana a Sande sukulu amasewera pa fumbi pomwepo makolo ali m'kati kuimba zothokoza. Ndikanakonda kuti pa tsiku la zopereka za masika, gawo la chimanga ndi ndalama lipite kogulira dothi labwino, kapinga ndi phala la ana, tisanaganize za penti wa tchalitchi. Chidzavute ndi madzi othirira, makamaka chaka cha chilala ngati 2024, ndipo nkhani ya madziyo akulu a mpingo apite okha kukagogoda nayo ku khansolo.