Ndodo ya mbedza ipulumutse achinyamata ku makwerero

Achinyamata a ku Kanyama ndi Chawama mu Lusaka amene amapeza ndalama potsuka mazenera a masitolo ndi nyumba zosanja amaika moyo wawo pachiswe akamakwera makwerero omangidwa ndi waya. Njira yabwino ilipo: ndodo yopepuka yowedzera nsomba, ija imatalikitsidwa ndi kufupikitsidwa. Ukachotsa zigawo zowonda za kunsonga n'kumangirira bulashi pa chigawo cholimba, umafika pamwamba uli chiimire pansi. Ntchito yachulukanso. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo mabanja ena a ku Matero ndi Mtendere anaika masola padenga. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likawakuta, mphamvu yake imachepa, choncho amafunika kutsukidwa.

Ena akuti ndodoyi imapindika. Zoona, ikasiyidwa ndi kansonga kake, n'chifukwa chake tikuti kadulidwe. Ena akuti zenera limatsala ndi madontho oyera, koma vuto limenelo ndi la madzi. Lusaka inakhala pamwamba pa miyala ya laimu, choncho madzi a pachitsime amasiya zipsera akauma, ndipo chopukutira cha rabala chimathetsa zimenezi. Nkhawa yeniyeni ndi mawaya a magetsi a ZESCO amene amadutsa pafupi ndi madenga m'makomboni. Ndodo ya carbon fibre imadutsitsa magetsi, ndipo ngakhale ya fibreglass ikanyowa ikhoza kupha munthu. Wogula asankhe fibreglass, ndipo pomwe waya ali pafupi, ntchitoyo aikane ngakhale malipiro akome bwanji.