Njanji akuti iuka, nanga ise a m'minibasi tikwelela pati?

Lusaka ni mwana wa njanji. Mu 1905 anthu amene anali kuyala njanji yocokela ku Livingstone kupita ku Kabwe anaika kasiteshoni pafupi na mudzi wa a mfumu Lusaaka, ndipo masitolo oyamba anamela pamenepo. Boma linasamukila kuno mu 1935, njanji ili kale na zaka 30. Ukaona bwino, Cairo Road inangolondola njanji, iyenda nayo pambalipambali kucokela ku Kafue Roundabout mpaka ku Kabwe Roundabout. Koma funsani amene mwakhala naye pampando umodzi lelo kuti anakwelapo liti sitima. Ambili a msinkhu wanga sanakwelepo. Njanji timaiona cabe pansi, basi ikaima mu jamu pa buliji ya Church Road, kapena timaiponda na nsapato, cifukwa kwa anthu a ku Chawama na ku Misisi yakhala njila yacidule yopitila ku tauni.

Manje nkhani ya njanji yabwelanso pakamwa pa akuluakulu. Zambia na Tanzania apeleka TAZARA kwa kampani ya ku China yochedwa CCECC kuti iikonze na kuiyendetsa zaka 30, ndipo ndalama zimene akamba ni madola 1.4 biliyoni. Kumadzulo kuli nkhani ya Lobito: njanji yatsopano yocokela ku Copperbelt, kudutsa ku North-Western, kukalumikizana na ya ku Angola yopita ku nyanja ya Atlantic. Mu December 2024 a Biden anafika mpaka ku Angola pa nkhani yomweyi, a Hichilema nawonso analiko. Ine nakondwa, sinibisa. Koma nikawelenga mapepala a nkhanizi, mau amene nipeza paliponse ni mkuwa, matani, doko. Munthu amene auka 04:30 kuti apeze malo mu Rosa yopita ku tauni sinimupezamo.

Tsegulani mapu. TAZARA ithela ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kucokela kuno. Ya Lobito iyambila kutali kuposa apo. Njanji imene idutsa mu Lusaka ni ya Zambia Railways, kampani ina, ya mavuto ake. Ndiye kuti madola 1.4 biliyoni aja sadzasintha ngakhale silipa imodzi pakati pa Lilayi na Ngwerere.

Kuti timvetse zimene tifunika kupempha, tiyambe taona mmene njanji inadwalila. Zambia Railways inabadwa mu 1967, pamene tinagawana katundu na Rhodesia Railways, ndipo likulu lake linakhala ku Kabwe. Nthawi ija mkuwa wathu wambili unali kudalila njila ya kum'mwela, imene Ian Smith anali atagwila pakhosi. Ndiye cifukwa cake a Kaunda na a Nyerere anapempha China, ndipo kuyambila 1970 mpaka 1975 anayala makilomita 1,860 kucokela ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri. Inapangidwa kuti izinyamula matani mamiliyoni asanu pacaka. Sinafikepo pamenepo. Caka cake cabwino kwambili inanyamula matani opitilila pang'ono miliyoni imodzi, ndipo pofika ca m'ma 2015 inali itatsika pansi pa matani 100,000. Anchito ake anakhalapo miyezi osalandila malipilo.

Njanji siifa tsiku limodzi. Masilipa akawola ndipo miyala ya pansi ikakokoloka, mainjiniya amalamula kuti sitima iziyenda pang'onopang'ono pamalopo kuti isagwe. Malo otelo akaculuka, ulendo wa tsiku limodzi ukhala wa masiku atatu. Mwini katundu, amene ali na sitima ya pamadzi imuyembekeza ku Durban kapena ku Dar, atopa, aitana mathilaki. Ndalama za kampani zicepa, ndipo cinthu coyamba cimene adula ni cokonzela njanji comweco. Caka cotsatila malo oyenda pang'onopang'ono aonjezeka. Migodi itafooka m'ma 1990 ndipo malonda a mathilaki atatsegulidwa kwa aliyense, Zambia Railways inalowa m'dzenje limeneli. Mu 2003 boma linaipeleka kwa Railway Systems of Zambia, mu 2012 boma la a Sata linailanda, likuti njanji yaonongeka kuposa kale. Caka comweco anaipatsa madola 120 miliyoni kucokela pa nkhongole ya Eurobond, ija tinalephela kubweza mu 2020. Mu 2018 kunabwela lamulo lakuti 30 pelesenti ya katundu wolema monga mkuwa, malasha, simenti, shuga na mafuta iziyenda pa njanji. Lamulo lilipo, koma pepala silingakoke ngolo. Kukwela sitima kucokela kuno kupita ku Livingstone kukali kudya maola opitilila 12, pamene basi ya pa Intercity ifika m'maola 7 kapena 8.

Zonsezi zioneka monga nkhani ya eni migodi, koma zotulukapo zake timazikhalila ise. Katundu amene anathawa njanji ali pa Kafue Road, pa Lumumba, pa Great North Road. Tiwelenge cabe: sitima ya ngolo 30, iliyonse matani 40, ni matani 1,200. Kuti anyamulidwe pamseu afunika mathilaki 40 a matani 30. Mathilaki amenewo ndiwo afinya phula mpaka likhala na mizele monga munda wa kandolo, ndipo imodzi ikafela pa Heroes kuseni, onse a ku Kabanana na Chazanga afika mocedwa ku nchito. Conco katundu akabwelela pa njanji, ngakhale sitinakwele sitima, tipumako. Apa pokha nivomeleza kuti za TAZARA zitikhudza.

Koma ine nifuna zoposa kupumako. Lusaka inakhalapo na sitima yake ya mu tauni. Acikulile aikumbuka: Njanji Commuter, imene m'ma 1990 inali kunyamula anthu kucokela ku Chilenje, kudutsa mu tauni, mpaka ku George kupyola Matero. Inaleka zaka za m'ma 1990 zisanathe, nthawi imodzimodzi imene UBZ inagwa ndipo ma Hiace anadzaza miseu. Cimene cinibaba maningi si sitima yomweyo, cifukwa sitima ungagule ina. Ni malo. Pamene panali kudutsa njanji ija, m'malo ambili lelo pali nyumba, mashopu na mipanda ya mabuloko, zitsulo zinazulidwa kalekale. Mzinda ukataya kanjila kotelo pakati pake, kukabweza ni kugwetsa nyumba za anthu na kulipila ndalama zoposa za sitima.

Mwayi ni wakuti njila ina ikalipo, ndipo ili pamalo abwino kuposa mseu uliwonse. Njanji ikulu icokela ku Lilayi, idutsa m'mbali mwa John Howard, Chawama na Misisi, ifika kuseli kwa Cairo Road, ndiye ipitiliza ca ku Garden, Chaisa, Chipata Compound mpaka ku Ngwerere. Chulani makomboni amenewo kawili, muone ngati si ndiwo adzaza mabasi pa Kulima Tower, City Market na Lumumba madzulo alionse. Kalembela wa 2022 anapeza anthu opitilila mamiliyoni awili mu Lusaka, ndipo gulu lalikulu likhala pamtunda woyenda na mendo kucokela pa njanji imeneyi. Zambia Railways inayesapo kuikapo sitima ya anthu a nchito pakati pa Ngwerere, tauni na Lilayi. Sinasinthe umoyo wa mzinda, ndipo cifukwa cake n'cosavuta kumva. Sitima imene ibwela kamodzi kuseni na kamodzi madzulo siingapikisane na minibasi imene uipeza nthawi iliyonse ukafika pa siteshoni. Munthu wa nchito safuna mipando yofewa. Afuna kudziwa kuti akaphonya ya 06:00 kuli ya 06:20, ndipo kuti 06:20 itanthauza 06:20.

Kuti zimenezo zitheke pafunika zinthu zosasangalatsa kujambula pa TV. Njanji yathu ni imodzi, conco pafunika malo opatukilana kuti sitima ziwili zizidutsana, kapena njanji yaciwili pa makilomita a mu tauni. Pafunika mapulatifomu okhala na malaiti, mpanda, mageti pamene mseu udutsa njanji, na ma buliji a oyenda pansi. Pafunikanso kugwilizana kuti pa maola a kuseni na madzulo sitima ya katundu iziyembekeza ya anthu.

Akatswili adzakamba kuti sitima ya mu tauni siipanga phindu. N'zoona, pafupifupi kulikonse boma limaikapo ndalama. Koma ma flyover a pa Makeni, Arcades, Munali na Longacres nawonso sabweletsa ngwee ku thumba la boma, ndipo palibe anati tisamange. Tinawamanga na nkhongole cifukwa tinaona kuti nthawi ya anthu ni cuma. Funso langa n'lakuti nthawi ya ndani. Flyover ithandiza kwambili amene ali yekha mu motoka yake. Mai amene acokela ku John Howard na beseni ya tomato, flyover ingomufikitsa msanga pa jamu yotsatila.

Ndipo sitifunika kupita ku Ulaya kukaona citsanzo. Ku Dar es Salaam, TAZARA yomweyi, imene theka lake ni lathu, yakhala iyendetsa sitima ya anthu a nchito kucokela mu tauni kupita ku Mwakanga kuyambila 2012, pa njanji yakale yomwe ija. Anzathuwo anapitilila, mu 2024 anatsegula njanji ya magetsi yocokela ku Dar kupita ku Dodoma. Sinikamba kuti tithamangile ya magetsi, ise amene tidziwa bwino ndandanda ya malaiti. Injini ya dizilo na ngolo zisanu n'zokwanila poyambila.

Manje kwa a dalaiva na a kondakitala, cifukwa nidziwa nyuzipepala ino imafika na ku mpando wa kutsogolo. Mudzati uyu afuna kutilanda nsima. Sininganame kuti palibe cidzasintha: maulendo ena aatali olowa mu tauni adzacepa. Koma sitima siingalowe mu Kanyama, Mtendere, Kalingalinga kapena Bauleni, ndipo siingafikitse munthu pakhomo. Aliyense woseluka pa siteshoni afunika basi yomupeleka mkati mwa komboni. Ganizilani kashing'i ya abwana: kodi ikwana msanga na maulendo anai a tsiku lonse mutaima mu jamu injini ikudya mafuta, kapena na maulendo aafupi khumi na asanu? Amene angadandaule zoona ni ang'wang'wazi a mu tauni, ndipo pa iwo mtima wanga suvutika kwambili.

Nkhani yovuta ni ya anthu amene akhala na kugulitsa m'mbali mwa njanji. Pali misika imene matebulo ake ali pafupi na zitsulo cakuti sitima ikalila ogulitsa amakoka masaka. Pali nyumba zimene zinamangidwa pa malo a njanji, ndipo eni ake ambili sanabe, anagula kwa munthu wina amene anali na mphamvu m'komboni nthawi imeneyo, anapatsidwa na kapepala. Kubwela na buludoza usiku kungakhale nkhanza, ndiponso kungaphe nchito yonse m'makhoti. Cofunika coyamba n'cochipa: khonsolo na Zambia Railways ayende na tepi, aike zizindikilo poyela kuti malo a njanji ayambila apa na kuthela apa, alembe amene alimo kale, ndipo kucokela tsiku limenelo pasaonjezeke maziko ena. Za kusamutsa na kulipila zingakambidwe pambuyo, na anthuwo ali pa tebulo. Cimeneci sicifuna China kapena America. Cifuna cabe kuti wina ku Civic Centre akane envulopu.

Pa TAZARA nayonso tili na ufulu wofunsa. Kampani imene yaika madola 1.4 biliyoni idzafuna kubweza ndalama zake, ndipo zili mu mkuwa, osati mwa amai a ku Mpika amene atuma nyemba na finkubala kwa ana awo kuno. Sitima ya anthu ya TAZARA, na kucedwa kwake konse, ndiyo imaima m'midzi ya ku Serenje, Mpika na Kasama kumene basi siifika. Pangano la zaka 30 lidzapitilila maboma angapo, ndipo ine nidzakhala nkhalamba likamatha. Boma litiuze poyela zimene pangano likamba pa sitima za anthu: zingati pa sabata, mitengo aika ndani, ndipo zikacedwa cifukwa ca sitima ya katundu alipila ndani.

A MP na a khansala a ku Chawama, Kabwata, Mandevu na Matero onse ali na njanji, yamoyo kapena yakufa, m'dela lao. Amabwela ku misika, amabwela ku malilo, nthawi zina amakwela na minibasi kamela ikakhalapo. Mukawapeza, afunseni kuti malo a njanji m'dela lao atsala mamita angati, ndipo anasaina ndani mapuloti amene ali pamenepo.