Pansi pa matumba a simenti panali mizinga

Inu a pamsika mumaidziwa bwino ntchito yoika katundu wina pamwamba, wina pansi. Lero tamvani momwe maboma akuluakulu amachitira.

Pa 9 December 2002, asilikali apamadzi a dziko la Spain, atapemphedwa ndi America, adaimitsa sitima ya So San pa nyanja ya Arabia. Sitimayi idachokera ku North Korea, inalibe mbendera, ndipo mapepala ake ankati yanyamula simenti. Asilikali atatsikiramo pa helikopita nkusuntha matumbawo, adapeza mizinga 15 ya Scud, ija imauluka yokha nkukagwa mtunda wautali. Katunduyo ankapita ku Yemen.

Mukuganiza kuti wina adanjatidwa? Ayi ndithu. Patangotha masiku 2 sitima ija idamasulidwa, mizinga yonse nkukafika kwa mwini wake. Mtsogoleri wa Yemen, Ali Abdullah Saleh, adakalipa kuti katunduyo ndi wa asilikali ake, ndipo America idavomera kuti panalibe lamulo lililonse loulandira.

Nanga lamulo lidapita kuti? Chilipo ndi mgwirizano wa MTCR, womwe maiko 7 olemera adayambitsa mu 1987: America, Britain, France, West Germany, Italy, Canada ndi Japan. Adapangana kusagulitsa chisawawa mizinga yotha kunyamula makilogalamu 500, omwe ndi matumba 10 a chimanga, nkuuluka makilomita 300 kapena kuposa. South Africa idalowamo mu 1995, India mu 2016.

Koma vuto ndi ili, abale. MTCR ndi pangano la ogulitsa okhaokha. Ilibe khoti, ilibe apolisi, ndipo yemwe sadalowemo sichimukhudza. Zili ngati ogulitsa pashedi apangana kuti mankhwala a makoswe asamagulitsidwe kwa ana, koma wina wayala thumba lake kunja kwa mpanda. Mumuletsa bwanji? North Korea ndi Yemen onse anali kunja kwa mpandawo.

China nchakuti nthawi imeneyo America inkamufuna Saleh pa nkhondo yake yolimbana ndi al-Qaeda. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Manyazi a So San ndi ena mwa zomwe zidachititsa George W. Bush kulengeza, mu May 2003 ku Poland, dongosolo loti maiko azithandizana kusecha sitima zokayikitsa. Koma mizinga ikalowa m'nkhokwe siyang'ana kuti makiyi ali ndi ndani. Boma la Yemen litagwa, mu 2015 gulu la Houthi ndi asilikali okhulupirika kwa Saleh adayamba kuwombera Saudi Arabia ndi mizinga ya Scud yochokera m'nkhokwe za boma.

Tsono mukamva nduna ikuti "tagulitsa kwa boma lodalirika", mufunse funso lomwe mumadzifunsa pokongoza kasitomala: akachoka ameneyu, katundu atsala m'manja mwa yani?