Zaumoyo: Opaleshoni Yachiwiri ya Mtima Siifanana ndi Yoyamba

M'makomboni a m'mafamu a fodya ku Darwendale, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, munthu akachitidwa opaleshoni ya mtima n'kubwerako wamoyo, abale amati nkhondo yatha. Koma kwa ena, makamaka achinyamata, madokotala amadzafunika kutsegulanso chifuwa patapita zaka. Ulendo wachiwiriwu ndi woopsa kuposa woyamba, ndipo zotsatira zake zimadalira kwambiri mmene wodwala wasamalidwira kunyumba.

Magazi potuluka mumtima amadzera mumtsempha waukulu wotchedwa aorta. Patsinde pake pali valavu, kachitseko koletsa magazi kubwerera, ndiponso mitsempha iwiri yodyetsa mtima weniweniwo. Valavuyi imaonongeka kawirikawiri ndi matenda a rheumatic, amene amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa paubwana. Tsindelo likhozanso kufutukuka chifukwa cha chibadwa kapena chindoko chokhalitsa. Mu 1968 dokotala wa ku London, Hugh Bentall, ndi mnzake Antony De Bono adafalitsa njira yochotsera tsinde ndi valavu pamodzi, kuikapo zopanga, n'kulumikizanso mitsempha iwiri ija.

Zoikamozo zili ndi zovuta zake. Valavu yopangidwa kuchokera ku ng'ombe kapena nkhumba imatha pakapita zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata imatha msanga kuposa apo. Yachitsulo imakhalitsa, koma walira mvula walira matope: mwiniwake ayenera kumwa mankhwala a warfarin moyo wake wonse kuti magazi asaundane. Chinanso chobwezera munthu ku opaleshoni ndi tizilombo tolowa m'magazi n'kumanga chisa pavalavupo.

Opaleshoni yachiwiri imavuta chifukwa zipsera za yoyamba zimamatirira mtima ndi mitsempha ku fupa la pachifuwa, kotero podulanso fupalo mtsempha ukhoza kung'ambika. Ntchitoyo imatenga nthawi yaitali, magazi amatayika ambiri, ndipo ngozi ya sitiroko ndi kuonongeka kwa impso imakula. Komabe m'zipatala zozolowera ntchitoyi, ambiri mwa amene amachitidwa opaleshoni yokonzekera bwino, mtima usanafooke, amachira n'kukhala zaka zambiri. Imfa zimachuluka pakati pa ofika mwadzidzidzi, valavu itagwidwa kale ndi tizilombo.

Ku Zimbabwe mwayi wa chithandizochi ndi wochepa. Pachipatala cha Parirenyatwa ku Harare, makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Darwendale, maopaleshoni otsegula mtima adaima mu 2003, adayambiranso mu 2016, adaimanso mu 2018, ndipo adayambikanso mu 2023. M'zaka zapakatizo odwala ankayenera kupita ku India kapena ku South Africa, ulendo umene wogwira ntchito pafamu sangaukwanitse. Choncho kuteteza valavu yoyamba ndiyo ntchito yaikulu, ndipo alangizi a zaumoyo akhoza kuthandiza m'njira izi.

Choyamba, makalata a kuchipatala asungidwe ngati chitupa. Kuyambira pa kugawidwa kwa mafamu mu 2000 mabanja ambiri akhala akusamukasamuka, ndipo mapepala amatayika m'njira. Dokotala wa opaleshoni yachiwiri amafuna kudziwa mtundu wa valavu, kukula kwake ndi chaka chimene idaikidwa.

Chachiwiri, kutentha thupi kwa munthu wa valavu yoikirira kusangotchedwa malungo. Ngati magazi sakuonetsa malungo, kapena kutenthako kukupitirira, wodwalayo atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu monga cha Chinhoyi. Asamwe mankhwala opha tizilombo ogula pamsika magazi asanatengedwe, chifukwa amabisa matendawo.

Chachitatu, mano asamalidwe, pakuti tizilombo tambiri toononga valavu timachokera m'kamwa. Wozula dzino auzidwe za valavuyo asanayambe ntchito. Kutema mphini kupewedwenso.

Chachinayi, warfarin asadumphitsidwe, ngakhale m'nyengo yokolola fodya pamene ntchito ili pakhosi, ndipo magazi aziyezedwa pa masiku amene chipatala chanena. Ndiwo zamasamba monga nkhwani ndi bonongwe zimachepetsa mphamvu ya mankhwalawa. Sizoletsedwa, koma zidyedwe pamlingo wosasinthasintha. Mayi wofuna kutenga pathupi ayambe wakambirana ndi dokotala, chifukwa warfarin akhoza kuvulaza mwana m'mimba. Odwala matenda a rheumatic asaphonye jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi.

Pomaliza, phuma pogwira ntchito imene kale inali yopepuka, kutupa mapazi, kukomoka, kapena kusintha kwa kaphokoso ka valavu yachitsulo ndi zizindikiro zofunika dokotala mosazengereza. Wodwala wofika akuyenda yekha amapatsa madokotala nthawi yojambula chifuwa, kupeza magazi ndi kukonzekera. Mwayi umenewu umachepa kwambiri kwa wofika atanyamulidwa.